Switch kapena Steam Deck: iti ikukwanira m'manja ndi pa TV pomwe?

Nintendo Switch ndi Steam Deck zonse zimakulolani kusewera gemu muli chigonere pabedi, kenako n'kukaipitiriza pa TV pabalaza. Koma anazipanga ndi maganizo osiyana, ndipo kusiyanako kumaonekera pa dock, kachoikamo kolumikiza ku TV kaja.

Switch inatuluka mu 2017, ndipo a Nintendo anaikonzeratu kuti izikhala ya mbali ziwiri. Ikakhala m'manja, chipu chake cha Nvidia Tegra X1 chimachepetsa liwiro kuti batire likhalitse, ndipo sikirini yake ndi ya 720p. Mukangoilowetsa mu dock, poti magetsi tsopano akuchokera kukhoma, liwiro la mbali ya chipu yopanga zithunzi limakwera kufika pa 768 MHz, TV n'kumalandira mpaka 1080p, zithunzi zooneka bwino kuposa za 720p. Ma Joy-Con, zowongolera gemu zam'mbali zija, amachoka, imodzi n'kupatsa mnzanu, basi Mario Kart yayambika. Pamenepa ndi pomwe ine ndimawagomera a Nintendo, ngakhale kuti timitengo ta Joy-Con timadziwika ndi vuto loyamba kuyenda tokha tikakalamba.

Steam Deck ya kampani ya Valve inabwera mu 2022. Iyi ndi kompyuta yeniyeni, ya chipu cha AMD, yoyendera SteamOS, pulogalamu ya Valve yoyendetsa makinawa. M'manja mphamvu zake zimaposa Switch yoyamba ija kutalitali. Koma dock mumagula payokha, ndipo siiwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono, choncho gemu yolemera imene imaoneka bwino pa sikirini ya mainchesi 7 imatha kuoneka mbuu pa TV yaikulu. Kulemeranso: magalamu 669, pomwe Switch ndi 398. Mikono imamva.

Magetsi akathima zonse zimapitiriza, kungoti Switch yokonzedwanso ya 2019 imakhala maola 4.5 mpaka 9, pomwe Steam Deck yoyamba imatha kuzima pa maola awiri okha gemu ikakhala yolemera. Nkhani ina ndi bandulo. Magemu ambiri a Switch amabwera pa kakhadi, mutha kubwerekana. A Steam, sitolo ya magemu ya Valve ya pa intaneti, ndi odawunilodi basi, ngakhale mitengo yake imatsitsidwa pafupipafupi, zomwe a Nintendo sachita kawirikawiri.

Ngati pakhomo pali ana ndi TV imodzi, tengani Switch. Ngati mumasewera nokha ndipo muli kale ndi magemu ku Steam, Deck ndi yanu. Chenjerani pogula yogwiritsidwapo kale: Switch Lite ndi yotchipa, koma silumikizika ku TV.