Peter, Billy kapena Miles: ndani amene amaonekadi kuti ndi mwana?

Anzanga akamafunsa filimu ya ngwazi zamphamvu yoti aonere ndi ana awo, ndimatchula zitatu: Spider-Man: Homecoming ya 2017, Shazam! ya 2019, ndi katuni ya Spider-Man: Into the Spider-Verse ya 2018. Monsemu muli mnyamata wapasukulu amene wapezeka ndi mphamvu zoposa msinkhu wake. Ine ndimaziyeza ndi funso limodzi: mwanayo akapanikizika, alipo wamkulu amene amakumbukira kuti uyu ndi mwana, kapena onse maso ali pa mphamvu zakezo? Ndiulula zina za m'nkhanizi, choncho amene simunaonere chenjerani.

Homecoming inakonza chinthu chimene chinkandivuta kalekale. Tobey Maguire mu 2002 ndi Andrew Garfield mu 2012 ankasewera Peter Parker (Spider-Man), mwana wa sekondale, atapitirira kale zaka 25, ndipo nkhope zinkawatsutsa. Peter Parker wa Tom Holland ali ndi zaka 15 ndipo zimaoneka: kulongolola, phuma, kufunitsitsa kuti akuluakulu amutame. Nyumba itamugwera, iye ali yekha pansi pa zigumuka, amalira ndi kukuwa kuti wina amuthandize. Apo ndiye mwana weniweni. Koma akuluakulu omuzungulira amandikhumudwitsa. Mu Captain America: Civil War ya 2016, Tony Stark, mpondamatiki amene ndi ngwazi yotchedwa Iron Man, anamutenga kukamenya nkhondo ku Germany atanamiza azakhali ake a May kuti ndi nkhani ya thandizo la maphunziro. Homecoming siidzudzula zimenezi ngakhale pang'ono. Kumapeto Stark amamuitaniranso m'gulu la ngwazi la Avengers, ndipo amene amakana ndi Peter mwini. Nzeru zimene zikanachokera kwa wamkulu zikuchokera kwa mwana.

Shazam! ili ndi mtima waukulu kuposa mmene ambiri amaiganizira. Billy Batson, wa zaka 14, wakhala akuthawa m'nyumba za omulera chifukwa akufunafuna mayi ake amene anasiyana nawo ali wamng'ono. Akatchula mawu amodzi amasanduka bambo wamphamvu, ndipo zimene amachita ndi thupi latsopanolo n'zachibwana zenizeni: kukagula mowa, kujomba kusukulu, kujambulitsa mavidiyo a pa YouTube ndi mnzake Freddy woyendera ndodo uja. Atawapeza mayi akewo ku Philadelphia, mzinda umene iyenso amakhala, amamva kuti tsiku limene anasochera iwo anamuona koma anachita kumusiya dala poona kuti sangathe kumulera. Chithunzi chimenecho n'chopweteka, ndipo mwana aliyense amene anakulira m'manja mwa anthu ena angachimvetse msanga. Victor ndi Rosa, makolo omulera, samukakamiza kuwakonda. Amangomusungira malo patebulo, n'kumadikira.

Vuto la filimuyi ndi lakuti Billy alipo awiri osagwirizana. Asher Angel amasewera mnyamata wachete, wosunga mabala mumtima, pomwe Zachary Levi amasewera Billy yemweyo atasanduka bambo, koma ngati mwana wa zaka 10 wosakhazikika. Umavutika kukhulupirira kuti ndi munthu mmodzi. Makolo dziwaninso kuti muli zilombo zimene zimapha anthu m'chipinda cha msonkhano moopsa ndithu, ndipo ang'onoang'ono akhoza kulota nazo.

Into the Spider-Verse ndiye imandigwira mtima. Miles Morales wa ku Brooklyn si wamasiye. Bambo ake a Jefferson ndi wapolisi, mayi ake a Rio amagwira ntchito kuchipatala, ndipo onse amamukonda. Mavuto ake ndi amene ana ambiri amawadziwa: sukulu yogonera komweko imene sanaifune, bambo amene amamuyembekezera zazikulu koma sadziwa kulankhula naye, ndi Aaron, m'bale wa bambo akewo, amene amamumvetsa pa nkhani ya zojambula koma njira zake n'zamdima. Mphamvu zikafika, Miles sazitha. Manja amamatirira tsitsi la mtsikana, amagwa, amaopa kudumpha.

Apa m'pamene imasiyana ndi Homecoming. Peter B. Parker, Spider-Man wina wamkulu amene akumuphunzitsa, ataona kuti mwanayo sanakonzeke, amakana kupita naye kunkhondo n'kumumanga pampando ndi ulusi wa kangaude. Zimamupweteka Miles, komatu wamkuluyo akumuteteza. Kenako bambo ake amabwera, amaima kunja kwa chitseko, n'kumuuza zakukhosi osadziwa kuti mwana wawo ndi womangidwa pakamwa ndipo sangayankhe. Ndikaonera malo amenewa misozi imalengeza. Miles amadzuka pampandopo chifukwa cha mawu a bambo ake, osati chifukwa cha chovala kapena chida chimene munthu wolemera wamupatsa. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar ya katuni yopambana mu 2019, ndipo ine ndimati inayenera.

Ngati mukufuna kuseka limodzi ndi mnyamata wa sekondale, Homecoming ikukwanirani. Shazam! ndingaisungire ana okulirapo, makamaka m'banja limene mukulera mwana wa ena, bola mukhale naye pafupi chifukwa mafunso adzabwera. Koma wondifunsa imodzi yokha ndimamuuza ya Miles, ndipo ndimapempha kuti abambo a m'nyumbamo asachoke pampando kufikira chitseko chija chitaoneka.