Kusema chitsulo pamalo pomwe chili: makina a miyendo, mkono wa loboti, kapena line boring?

Chitsulo china sichinyamulika. Bowo lodutsa shafti ya sitima ku Monkey Bay likadyeka, kapena mabowo a mapini pa mkono wa ekisikaveta akakula, simungachikweze pa lole kupita nacho ku lathe (makina osemera chitsulo mochizunguliza) ku Blantyre. Makina ndiwo ayenera kubwera pomwe pali chitsulocho. Njira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi makina a miyendo, otchedwa parallel kinematic. Mutu wosemera umagwiridwa ndi miyendo ingapo nthawi imodzi, ngati mphika pa mafuwa. Mtundu wina wotchedwa hexapod uli ndi miyendo isanu ndi umodzi, potsatira nzeru ya mainjiniya a ku Britain, Gough ndi Stewart, yomwe Stewart anaisindikiza mu 1965. Tricept ndi Exechon, zomwe anapanga Karl-Erik Neumann wa ku Sweden, zili ndi miyendo itatu ndi dzanja lozungulira kumapeto, pomwe Metrom ya ku Germany ili ndi isanu. Pa hexapod mwendo uliwonse umangokankha kapena kukoka, supindika, motero makinawo amakhala opepuka koma olimba. Mumawamangirira pa chitsulocho, kachipangizo kokhudza kamayeza malo angapo odziwika, kompyuta n'kudziwa pomwe makina aima. Akatero amasema malo opendekeka, kuboola mopingasa, ngakhale kukonza nkhope ya flange (mkombero wa maboti wolumikizira mapaipi kapena mashafti) yomwe yadyeka ndi dzimbiri.

Mavuto ake ndi enieni. Malo omwe mutu umafika ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa makina, ndipo kulimba kumasintha malinga ndi pomwe mutu uli: pakati ndi polimba, m'mphepete umayamba kunjenjemera. Pali maimidwe ena a miyendo, otchedwa singularity, pomwe makina amataya mphamvu yogwira mbali imodzi, choncho njira ya mpeni iyenera kuyesedwa pa kompyuta musanayatse. Mfundo imodzi yolumikizira mwendo ikakhwefuka, cholakwikacho chimafalikira mbali zonse, ndipo sichikonzeka ndi sipanala: pamafunika kuyezanso makina onse ndi chipangizo cha laser. Katswiri wa zimenezi ngwoitanitsa kunja.

Kutentha kwa kuno musakupeputse. Chitsulo chotalika mita imodzi chimakula pafupifupi 0.012 mm pa digiri iliyonse. Mukayeza m'mamawa n'kudzasema masana a mu Okutobala kutatentha ndi madigiri 10 ena, mwendo wa mita watalika 0.12 mm, ndipo womwe uli padzuwa sufanana ndi wa pamthunzi. Ikani chotchinga dzuwa, makina ayende opanda ntchito mphindi 30 kuti atenthe, kenako muyeze.

Mkono wa loboti, monga wa KUKA, ABB kapena Fanuc, umafika patali ndipo ngwotsikirapo mtengo. Koma mfundo zake zimatsatizana ngati ndodo ya mbedza, ndiye mpeni ukaluma chitsulo cholimba mkono umagonja, pamwamba n'kutsala mizere. Ndi wabwino popala, kuwotcherera ndi kudula aluminiyamu kapena faibala ya maboti. Bowo la beyaring'i musaupatse.

Line boring ndi mtanda wachitsulo wolowa m'bowo, mabeyaring'i awiri ouchirikiza uku ndi uku, mota, ndi mpeni umodzi. Mumaika mtanda pakati pa bowo pogwiritsa ntchito makoni (zitsulo zosongoka zouimika pakati), kutsimikiza ndi dial gauge (choyezera chonga wotchi), kuwotcherera timiyendo ta mabeyaring'i, kudzaza bowo ndi weld (chitsulo chowotcherera), n'kusema pang'onopang'ono mpaka bushi yatsopano ilowe mothina. Cholakwika chofala ndi kutalikitsa mabeyaring'i: mtanda umagwa pakati, bowo n'kutuluka losongoka. China ndi kusema weld isanazizire.

Makina a line boring sadziwa china koma mabowo ozungulira oyang'anizana. Komatu ntchito zambiri za m'mbali mwa nyanja kuno ndi zimenezo, ndipo amayenda ndi jenereta wamba magetsi akazima, pomwe makina a miyendo amafuna magetsi a 400 V a mafezi atatu osagwedezeka. Amene akuyamba bizinesi agule line boring. Makina a miyendo abwerekedwe pamodzi ndi katswiri wake pakapezeka chitsulo chodula kwambiri chokhala ndi nkhope zokhotakhota, chomwe kuchiphwasula kungaimitse sitima miyezi.