Via Jacobi kapena Via Francigena: njira iti kwa amene ali ndi sabata imodzi m'mapiri a Alps?

Mumzinda wa Lausanne, m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, mumapingasana njira ziwiri zakale za anthu oyenda ulendo wa mapemphero. Ina imadutsa dziko la Switzerland kuchokera kum'mawa, kulunjika ku Santiago de Compostela ku Spain. Imeneyi ndi Via Jacobi. Inayo imachokera ku Canterbury ku England n'kukathera ku Roma, ndiyo Via Francigena. Pa zikwangwani zachikasu za oyenda pansi, yoyambayo ili ndi nambala 4, yachiwiriyo 70. Ambirife tchuthi chathu ndi cha sabata imodzi basi, ndiye tiyenera kusankha chigawo chimodzi. Pa Via Jacobi ndikunena za chigawo chochokera ku Rapperswil kukafika ku Flüeli-Ranft, cha masiku anayi kapena asanu. Pa Via Francigena ndikunena za kuchokera ku Lausanne, kukwera mpata wa pakati pa mapiri wotchedwa Grand-Saint-Bernard, n'kutsikira ku Aosta ku Italy, ulendo wa masiku pafupifupi asanu ndi anayi.

Tiyambe ndi miyendo, poti ndiyo imalipira. Via Jacobi ndi njira yokwera n'kutsika tsiku ndi tsiku, koma simutalikira midzi. Tsiku loyamba mumaoloka nyanja ya Zürich pa mlatho wa matabwa wa mamita 841, kenako n'kukwera phiri la Etzel pakati pa madambo a ng'ombe zovala mabelu m'khosi. Povuta kwenikweni ndi pa Haggenegg, mamita 1,414, pomwe ndi pamwamba kuposa pena paliponse pa njirayi mu Switzerland. Chitunda chake n'chachifupi koma n'choimirira, ndipo kutsetserekera ku Schwyz kumapweteka mawondo kuposa kukwerako. Mukatopa, basi kapena sitima sizikhala patali.

Via Francigena imanyenga. Masiku oyamba mumayenda m'minda ya mpesa ya ku Lavaux, nyanja ili kudzanja lamanja, kenako m'chigwa cha mtsinje wa Rhône chomwe n'chathyathyathya mpaka kutopetsa. Mumayamba kudzifunsa kuti mapiri aja ali kuti. Amabwera mukadutsa Martigny. Tauni imeneyi ili pansi pa mamita 500, pamene mpata wa Grand-Saint-Bernard uli pa mamita 2,469, ndipo kusiyana konseko mumakukwera m'masiku atatu, kudzera ku Orsières ndi ku Bourg-Saint-Pierre. Kanjira kochokera ku Martigny kupita ku Sembrancher n'kopapatiza, ka miyala, koterera mvula ikagwa. Ambiri amakwera sitima pamenepo, ndipo ine sindiona cholakwa. Tsiku lomaliza mitengo imatha, mumatsala ndi miyala, mphepo ndi kachigwa kotchedwa Combe des Morts, kutanthauza chigwa cha akufa. Dzinalo silinaperekedwe mwamasewera.

Nyengo nayo imasiyanitsa kwambiri. Msewu wa pa mpatawo umatseguka cha mu Juni n'kutsekedwa cha pakati pa Okutobala, ndipo kumayambiriro kwa nyengoyi chipale chofewa chimakhala chikadali m'kanjira. Walira mvula walira matope: wofuna kutalikako avomerenso juzi yochindikala, magolovesi ndi kudikira tsiku lathunthu m'munsi ngati kumwamba kwaipa. Via Jacobi ili ndi miyezi yambiri yoyendeka, ngakhale pa Haggenegg ponso chipale chimachedwa kusungunuka.

Koma wofuna mapiri okha akhoza kupita kwina kulikonse. Chimene chimatikokera ku njira izi ndi malo opemphereramo, ndipo apa ndi pamene kusankha kumawawa.

Pa Via Jacobi mumafika ku Einsiedeln madzulo a tsiku loyamba lenilenilo. Pamalopo pankakhala Meinrad, mmonke amene anadzipatula m'nkhalango ndipo anaphedwa ndi achifwamba mu 861. Nyumba ya amonke a chipani cha Benedikito Woyera inakhazikitsidwa pomwepo mu 934. Tchalitchi chake n'chachikulu, chokongoletsedwa mpaka maso kusowa pogwira, koma anthu amakhamukira ku kachipinda ka mwala wakuda komwe kali chapafupi ndi khomo, mmene muli chifanizo chakuda cha Amayi Maria. Yesetsani kufika isanakwane hafu pasiti folo, nthawi ya mapemphero a madzulo, chifukwa akamaliza amonke amayenda mwa mdipiti kupita ku kachipindako kukaimba Salve Regina, nyimbo yotamanda Amayi Maria. Munthu umaima pamenepo ndi nsapato zamatope, chikwama chili kumsana, osafuna kukhala pansi.

Kenako pali Ranft, ndipo malo amenewa amandivutitsa maganizo mpaka lero. Niklaus von Flüe, amene eni dziko amangomutchula kuti Bruder Klaus, anali mlimi, msilikali komanso woweruza milandu m'dera lake. Mu 1467 anasiya mkazi wake Dorothea Wyss ndi ana khumi, womaliza ali wakhanda, n'kukakhala m'chigwa chomwe chili mphindi zochepa kuchokera pakhomo pake. Anakhala kumeneko zaka makumi awiri mpaka imfa yake mu 1487. Mayiyo anavomera, ndipo ine ndimaona kuti mtolo waukulu unagwera iyeyo. Nyumba ya banjalo ikadalipo, ndiye mumayamba mwaona pamene mayi anatsala ndi ana, kenako n'kutsika kukaona kachipinda ka bamboyo. N'kakang'ono, ka matabwa, kali ndi timawindo tiwiri: kena koyang'ana ku guwa la katchalitchi, kena koyang'ana panja pomwe anthu ankaima kupempha uphungu. Mu 1481, zigawo za Switzerland zitatsala pang'ono kumenyana pa msonkhano wa ku Stans, uthenga wochokera m'kachipinda kameneka ndiwo unaziyanjanitsa. Mpingo unamuika m'gulu la oyera mu 1947, ndipo mafupa ake ali m'tchalitchi cha ku Sachseln, kumunsi pang'ono.

Via Francigena ili ndi malo awiri olingana ndi amenewa. Oyamba ndi Saint-Maurice, pansi pa thanthwe lalitali pamene chigwa chimapanikizika. Mfumu Sigismund ya ku Burgundy inakhazikitsa nyumba ya mapemphero pamenepo mu 515, ndipo kuyambira chaka chimenecho mapemphero sanalekepo. Amene amakumbukiridwa pamalopo ndi Maurice Woyera ndi asilikali anzake. Mbiri ya mpingo imati anachokera ku Thebes ku Egypt, ndipo anaphedwa chifukwa chokana lamulo la mfumu ya Aroma losemphana ndi chikhulupiriro chawo. Zimakhudza mtima kupeza mwana wa mu Africa akulemekezedwa chonchi pakati pa mapiri a azungu.

Achiwiri ndi nyumba ya alendo ya pamwamba pa mpata. Bernard Woyera anaimanga cha m'ma 1050 pofuna kupulumutsa apaulendo ku chisanu ndi kwa achifwamba, ndipo ansembe a lamulo la Augustino Woyera akuiyendetsabe chaka chonse, ngakhale m'miyezi imene msewu umakwiririka. Mawu amene amawatsogolera ndi achilatini, Hic Christus adoratur et pascitur, kutanthauza kuti pano Khristu amapembedzedwa ndi kudyetsedwa. Mlendo wanjalayo ndiye Khristuyo. Mukalowa mutazizidwa amakupatsani tiyi wotentha, mumadyera pa tebulo limodzi ndi anthu osawadziwa, ndipo mapemphero amachitikira m'kachipinda ka pansi. Agalu otchuka aja a St Bernard anachokera pano. Masiku ano amasungidwa ku Martigny ndipo ena amakwera nawo kumtunda m'nyengo yotentha. Sigeric, mkulu wa maepiskopi wa ku Canterbury amene malo 79 omwe anaima pochokera ku Roma cha m'ma 990 ndiwo maziko a njirayi, anadutsa pano nyumbayi isanamangidwe. Napoleon anadutsanso ndi gulu lake lankhondo mu Meyi 1800.

Za thumba ndinene mwachidule. Switzerland ndi yodula kulikonse. Kabuku ka woyenda, kodindamo zidindo m'matchalitchi, kamakutsegulirani malo ogona otchipirako. Pa Via Jacobi alipo ku Rapperswil ndi kwa asisitere a ku Ingenbohl pafupi ndi Brunnen, ndipo alimi ena amagoneka alendo pa udzu wouma m'nkhokwe. Pa Via Francigena malo ogona ndi ochepa mukamakwera, choncho imbiranitu foni. Zinthu zimatsika mtengo mukalowa Italy, komwe ndalama imasintha kuchoka pa franc kupita pa euro. Wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia afunika viza ya Schengen, ndipo imodzi yomweyo imakwanira maiko onse awiri.

Ndiye iti? Ngati simunayendepo masiku angapo otsatizana, kapena mukuyenda ndi achikulire, kapena gulu la kumpingo lomwe likufuna Misa pafupifupi tsiku lililonse, tengani Via Jacobi. Malo oyera ali pafupipafupi, ndipo pali ngakhale mpumulo wa boti poolokera nyanja kuchokera ku Brunnen kupita ku Treib. Koma mtima wanga uli ku Grand-Saint-Bernard. Ku Einsiedeln ndi ku Ranft munthu amakafika pagalimoto n'kupezabe zambiri zimene woyenda pansi amapeza. Nyumba ya pa mpata ija imamveka bwino kwa amene wafika pakhomo pake atatheratu mphamvu, chifukwa anaimangira munthu woteroyo. Ngati masiku asanu ndi anayi akuchuluka, yambirani ku Saint-Maurice m'malo mwa Lausanne, mugone pamwamba usiku wachinayi, ndipo musunge mawondo: kuchokera pa mpata kukafika ku Aosta mumatsika pafupifupi mamita 1,900 m'masiku awiri.