Mapu a phiri la Mulanje: mitunda ndi yoona, nkhalango ndi yakale

Ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5.

Ndinagula mapuwa m'sitolo ina ya mabuku ku Blantyre tisanakwere phiri ndi anzanga awiri. Tinayambira ku Likhubula, n'kugona pamwamba pa phiri ku Chambe, kenako ku Lichenya. Pa nkhani ya mitunda sananame. Pamene mizere yosonyeza kukwera kwa malo yapanikizana, miyendo imavomereza yokha. Panjira ya Skyline tinapuma kasanu. Nyumba zogona alendo, mitsinje ndi nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, zonse zili pamalo pake. Chiperoni chitatiphimba madzulo ena, ine ndi bambo amene ankatilondolera njira tinagwirizana za kolowera, iwo ndi mutu wawo, ine ndi pepala.

Phindu lenileni ndinalipeza usiku ku Lichenya, nditawayala pansi ndi tochi. Nkhani ya miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, tinkangoimva pawailesi, kuti ili pathyathyathya pa Lichenya ndi Linje, ndiponso kuti ku Chambe anafufuzako miyala ina ya mtengo wapatali. Koma ukatsata ndi chala timizere tabuluu ta mitsinje tochoka pamenepo, umaona kuti timatsikira kumidzi ndi kuminda ya tiyi. Mtsinje wa Likhubula ndiwo umamwetsa mbali ina ya Blantyre. Wokumba pamwambapa wakumba m'mtsuko wa anthu akumunsi. Mapuwa sanena kanthu za migodi, koma mizereyo inandifotokozera bwino kuposa mikangano ya pa Facebook.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha utoto wobiriwira. Malo angapo amene ajambulidwa ngati nkhalango tinangopeza zitsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu, ndi udzu wopsa. Wofuna kuona zinkhoma, mbira kapena mbalame asadalire utotowo. Zigumukire zimene namondwe Freddy anasiya mu 2023 nazonso mulibe m'mapuwa, ndiye musakwere popanda wolondolera wa komweko. Phirili linalowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2025. Nthawi yosindikiza mapu atsopano yakwana.

Pepala lakenso ndi lofewa. Tsiku lachitatu linang'ambika mopinda, penipeni pamene pajambulidwa nyumba yogona alendo ya Thuchila. Aikeni m'jumbo musanachoke ku Likhubula.