TV yogoneka m'thebulo kapena pulojekita ya kudenga, chotiyenera n'chiti kuno ku Chipata?

Anzanga amene mwatopa kujambula mapu a gemu ya pathebulo ya madayisi ndi tizidole yotchedwa Dungeons & Dragons pa manila ndi maka, njira zilipo ziwiri zomwe anthu amakangana nazo. Ina ndi kugoneka TV chagada m'kati mwa thebulo sikirini n'kuyang'ana kumwamba, ina ndi kupachika pulojekita kudenga iziwalitsa mapu pathebulo. Ine ndili kumbali ya TV, koma pulojekita nayo ili ndi pake.

Tiyambe ndi malaiti. Tonse tinaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba mmene magetsi ankasowera, ndiye chilichonse mupanga chizitha kuyenda ndi invata ndi batire ya sola. TV ya LED ya mainchesi 43 nthawi zambiri sifika mawati 100, kainvata kakang'ono kamainyamula pamodzi ndi laputopu. Pulojekita ya babu yowala bwino imadya 200 mpaka 300, komanso babuyo safuna kuzimidwa mwadzidzidzi ali wotentha, fani imayenera kumuziziritsa kaye, apo ayi sakhalitsa. Tilipo tumapulojekita totchipa twa LED tosadya kwambiri, koma n'tofooka, masana muzitseka makatani onse ndi chitseko, ndiye tangoganizani anthu asanu m'chipinda chotseka mu Okutobala ndi kutentha kwa kuno, palibe angakhalitse.

Denganso ndi nkhani. Nyumba zambiri ku Kapata, Mchini kapena Magazine ndi za malata opanda siling'i, mupachika pa mtanda waya wa HDMI uli lendelende, fumbi la chilimwe n'kumalowa m'fani, ndipo ngati ndi ya lendi alandilodi sangakondwere ndi zoboolaboola. China chimandinyansa ndi chithunzithunzi cha dzanja, munthu akangotambasula mkono kusuntha kachidole kake mapu onse pamenepo mdima.

Pomwe pulojekita imapambana ndi kukula kwa mapu, mutha kudzaza thebulo lonse, ndipo thebulo limakhala lomwelo lodyerapo nsima, osaliboola. Tiyi akatayika mungopukuta basi. Pa TV tiyi akalowa m'mphepete mwalira.

Manje za saizi. Mu D&D kabokosi kamodzi ka pa mapu ndi inchi imodzi, 2.54 cm, kuimira mafiti 5 m'gemu. Sikirini ya 43 ndi pafupifupi 95 cm kwa 53 cm, mupeza tumabokosi 37 kwa 21, zokwanira nkhondo zambiri. Ya 32 ili pa 71 kwa 40 cm, tumabokosi 27 kwa 15, imagwira koma mudzatopa ndi kusunthasuntha mapu. Ya 55 ine ndimakana, thebulo limakula mpaka mkono sufika pakati, mapepala ndi madayisi n'kusowa pokhala. Siyani ngati 25 cm ya thabwa kuzungulira sikirini.

Pogula musangoyang'ana kutsogolo ayi. Anthu adzakhala mozungulira, ena adzaona TV kuchokera kumutu, ena kumiyendo. Ya sikirini ya mtundu wa IPS mitundu imakhalabe bwino ukaiona cham'mbali, ya VA imayera n'kufifia. M'shopu werama, yang'ana kuchokera pansi ndi pamwamba, aseke aseke koma ndalama ndi zako.

Apa ndiye ndikupemphani mumvetsere, TV anaipanga kuti iime, mpweya wotentha uzituluka pamwamba. Ikagona kutentha kumakhazikika m'bokosi. Uzani akalipentala asatseke pansi, TV ikhale pa timitanda tiwiri titatu togwira kumsana kwake, ndipo ikani tumafani tiwiri twa kompyuta twa 12V, kena kolowetsa kena kotulutsa mpweya. Pamwamba pafunika galasi kapena perspex (pulasitiki woonekera ngati galasi) kuti madayisi asaswe sikirini. Perspex ndi yopepuka koma imakalika msanga ndipo ikakhala yopyapyala imawerama pakati, galasi ndi lolemera koma lowongoka, likhale la tempered, lolimbitsidwa lija. Chachikulu mpata pakati pa galasi ndi sikirini ukhale wochepetsetsa, ukakula chidole chimaoneka ngati chili m'kabokosi kena ukachiona cham'mbali, ndewu imayambira pomwepo. M'mphepete matani silikoni.

Thabwa, mukwa ndi wokongola ndipo chiswe sichiukonda, koma mtengo wake ndi kulemera kwake. Paini ndi wotchipa, amakwana bola vanishi. MDF, thabwa lija lopangidwa ndi utuchi, isiyeni, imafufuma ikangolawa madzi.

Pulogalamu ya mapu sankhani yosafuna mabando nthawi zonse. MapTool ndi yaulere ndipo imayenda popanda intaneti, Foundry VTT mumagula kamodzi n'kuiyendetsa palaputopu yanu, pomwe Roll20 ndi Owlbear Rodeo zimafuna netiweki.

Ngati m'nyumba TV ndi imodzi yomweyo, akalipentala apange galasi lochotseka kuti Loweruka mukatha gemu muinyamule ibwerere pa sitandi anthu aonere mpira.