GMAT kapena GRE? Yankho langa kwa ofuna MBA kuno ku Kasungu

Chilembereni GMAT ndi GRE, mayeso omwe sukulu zambiri zakunja zimayang'ana posankha ophunzira a masitazi, anzanga a kuntchito ndi a kutchalitchi akhala akundifunsa kuti munthu wofuna malo a MBA (masitazi a za kayendetsedwe ka bizinesi) kunja alembe ati. Ndayankha kambiri pa WhatsApp, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Choyamba chotsani mantha akuti sukulu zikuluzikulu zimafuna GMAT yokha. Harvard, Stanford, INSEAD ndi London Business School zimalandira onse awiri, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 5. Kutalika kwake sikusiyananso kwenikweni: GMAT ndi maola 2 ndi mphindi 15, GRE imaperewera pang'ono pa maola 2.

Pomwe panandipweteka ine ndi pa ndalama. Ndinayamba ndi GMAT chifukwa ndi yomwe aliyense amatchula. Ndinasunga makwacha miyezi ingapo, kuwerengera kuti akwana 300 dollars yolembera pa intaneti. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Zomwe ndinasunga zija zinasanduka zoperewera ndisanazigwire n'komwe. Nditawonjezera, khadi langa la ku banki linakana kulipira, ati ndalama zakunja palibe. Ndinathera m'manja mwa bambo wina wa ku Lilongwe yemwe ali ndi khadi lakunja, ndipo anandiwerengera dola pa mtengo wa mavenda, n'kuikaponso yake ya pamwamba yomwe sanaitchule poyamba.

Si zokhazo. Kutatsala sabata imodzi kuti ndilembe, kumudzi kwathu ku Santhe kunagwa maliro a malume anga. Mwana wa mlongo wawo sangakhale pa laputopu anthu ali pa siwa. Kusuntha tsiku la mayeso kumalipiridwa, ndipo mtengo wake umakwera tsikulo likamayandikira. Ndinabwereranso kwa bambo aja, madola enanso, yapamwamba inanso. Ndalama zimenezo zikanagula feteleza wa mayi anga chaka chimenecho, ndipo mpaka lero ndikamva mawu akuti GMAT mtima umandiwawa. Musasungitse tsiku m'nyengo yomwe mukudziwa kuti ntchito idzakupanikizani, monga ife a zowerengera ndalama msika wa fodya ukatsegulidwa. Maliro sitingawadziwe, koma msika timaudziwa.

Nditasinthira ku GRE, ndinalipira 220 dollars. Nayonso ili ndi chindapusa mukasuntha tsiku, koma kusiyana kwa madola 80 kuno kwathu si nkhani yaing'ono.

Pa mayeso enieniwo, masamu a GMAT salola kalikyuleta. Imapezeka m'gawo la Data Insights lokha, momwe mumawerenga matebulo ndi magirafu nthawi ikuthamanga. GRE imakupatsani kalikyuleta pa sikirini. Ine masamu ndimawadziwa, koma zaka zambiri ndikugwiritsa ntchito Excel zinandiiwalitsa kuwerengera pamtima msanga. Chovuta cha GRE ndi mawu a Chingerezi omwe simunawamvepo ngakhale ku koleji, kuphatikizapo nkhani imodzi yolemba. Koma mawu amaloweza. Ndinkalemba 15 patsiku pa timapepala, n'kumawabwereza m'minibasi. Liwiro la masamu a pamtima silibwera mwa njira imeneyo.

Chomwe ndingaiyamikire GMAT ndi chakuti mumaloledwa kubwerera n'kusintha mayankho atatu pa gawo lililonse, komanso mumatumiza zotsatira ulere ku sukulu 5, pomwe GRE ndi 4. Ngati masamu ali m'magazi mwanu ndipo mukufuna MBA basi, siingakulakwireni.

Onse awiri ngati mukulembera pa intaneti amafuna chipinda cha nokha, kamera, ndi netiweki yosadukaduka. Magetsi akathima pakati pa mayeso, mwaika madola anu pachiswe. Ine GRE ndinakalembera mu ofesi ya msuweni wanga ku Lilongwe momwe muli sola, nditayesa makina onse dzulo lake.

Mng'ono wanga atandifunsa mwezi watha, ndinamuuza kuti alembe GRE, chifukwa MBA ikakanika, zotsatira zomwezo atha kufunsira nazo masitazi a Economics kapena Public Policy. Ndinamuuzanso kuti asatsegule buku lililonse asanapeze munthu wokhulupirika womulipirira madolawo, ndipo agwirizane mtengo wonse polemberana papepala.