Makalori a mafizo: tiwadye onse, tiwasiye, kapena tidye theka?

Loweruka lililonse timanyamuka m'tauni ya Zomba 6 koloko isanakwane, wapansi, kukwera mpaka pa Ku Chawe. Kuphiri kulibe mkangano, aliyense amakhala ali wefuwefu. Mkangano umayamba tikatsika, fungo la chiwaya likatipeza pafupi ndi msika. Mnzathu wina, bambo wathupi ndithu, amakweza dzanja n'kutionetsa wotchi yake yowerengera makalori, muyeso wa mphamvu yomwe thupi latentha. "Yalemba 900. Amenewa ndi anga, ndawakhetsera thukuta." Kenako amaitanitsa tchipisi, dzira pamwamba, ndi botolo la chozizira. Mayi wina wa m'gulu lathu amangopapira madzi ake n'kufunsa kuti, "Achimwene, ngati mukubweza zonse, ndiye phiri lija mumakwereranji?"

Onse awiriwa akufuna kuchepetsa thupi, ndipo onse amalemba zomwe adya pafoni. Ine njira zawo zonse ndidaziyesa, n'kudzathera pa yachitatu.

Musanasankhe njira, fufuzani kaye kuti nambala ya makalori omwe muyenera kudya tsiku ndi tsiku idachokera kuti, chifukwa ambiri timakangana tikukamba zinthu ziwiri zosiyana. Thupi limatentha makalori ngakhale mutagona pamkeka tsiku lonse: mtima, ubongo, chiwindi ndi kupuma zimatenga gawo loposa theka la zonse. Pamwamba pake ndiye pamabwera kuyendayenda ndi mafizo. Mapulogalamu ena apafoni, monga MyFitnessPal, amakupatsani nambala yosaphatikizamo mafizo, ndipo mukalemba kuti mwathamanga amakuonjezerani chakudya cha tsikulo. Koma ngati powerengera mudanena kale kuti mumachita mafizo kanayi pa sabata, nambala yanuyo mafizo alimo kale. Kudyanso makalori a wotchi pamenepo kuli ngati kulandira malipiro kawiri pa ganyu imodzi. Munthu wotere asavutike ndi mkanganowu, sabweza kanthu.

Otsalafe, tiyambe ndi njira ya achimwene aja.

Kudya onse

Papepala njirayi ndi yolongosoka. Kilogalamu imodzi ya mafuta am'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mukamadya mopereweza 500 patsiku, pa sabata mumataya pafupifupi theka la kilogalamu. Tsiku la phiri mwatentha ena 600, ndiye mukawabweza, kuperewera kuja kumakhalabe pa 500 monga mudakonzera, simufooka, ndipo Lolemba mumadzuka ndi mphamvu. Palinso chokoma china chomwe sindingachinyoze: munthu akadziwa kuti kumapeto kuli mphotho, bulangete la mu Juni amalifundukula msanga. Amene adagonapo ku Zomba nyengo yachisanu akundimva.

Vuto lili pa nambalayo. Mu 2017 akatswiri a payunivesite ya Stanford adayesa mawotchi apamkono amitundu isanu ndi iwiri pa anthu 60. Kugunda kwa mtima ambiri adayeza bwino. Pa makalori ndiye onse adagwa: yochita bwino koposa idaphonya ndi 27 peresenti, yomalizira ndi 93 peresenti. Wotchi siona mafuta akusungunuka. Imangoyerekeza kuchokera ku kugunda kwa mtima, kugwedezeka kwa mkono, zaka ndi kulemera kwanu. Dzuwa la mu Okutobala likakuombani mtima umathamanga, wotchi n'kumaganiza kuti mukutentha zochuluka.

Chachiwiri, nambala yomwe zida zambiri zimaonetsa ndi ya zonse zomwe thupi latentha pa nthawiyo, kuphatikizapo zomwe likanatentha mukanangokhala pakhonde. Maola atatu a munthu wamkulu wongokhala ndi makalori opitirira 200, ndipo amenewo adawerengedwa kale m'chakudya chanu cha tsiku.

Tiyeni tiwerengere tokha. Munthu wa makilogalamu 70 akayenda kilomita imodzi pamalo athyathyathya, zoonjezera zomwe amatentha ndi makalori 35 kapena 40. Akathamanga, pafupifupi 70. Ndiye ulendo wamadzulo wa makilomita asanu, kuchoka ku Matawale kulowa m'tauni n'kuzungulirako, supitirira 200. Mandasi amodzi aakulu ndi tiyi wa masipuni atatu a shuga, nkhani yatha. Phiri ndi losiyana: kuchoka m'tauni kufika pa Ku Chawe mumakwera mamita opitirira 500, ndipo kunyamula thupi la makilogalamu 70 mtunda umenewo kumadya makalori opitirira 300, osawerengera kutalika kwa njira. Kupita ndi kubwera, ine ndimaika pa 600 kapena 700. Ndi ntchito yeniyeni, koma si 900.

Chachitatu ndi chomwe chidandipweteka mtima nditachimva. Thupi limabera. Herman Pontzer ndi anzake adayeza anthu amtundu wa Hadza ku Tanzania, omwe amakhalira kusaka ndi kukumba mizu, kuyenda mitunda tsiku ndi tsiku. Zotsatira zidatuluka mu 2012: poganizira kukula kwa thupi, makalori omwe amatentha patsiku sadasiyane kwenikweni ndi a anthu aku Ulaya ndi America okhala m'maofesi. Kafukufuku wina wa mu 2021, wa anthu 1,754, adapeza kuti pa makalori 100 aliwonse otenthedwa ndi kutakataka, thupi limabweza pafupifupi 28 pochepetsa zomwe limagwiritsa ntchito kwina, ndipo kwa anthu onenepa kwambiri gawolo limayandikira theka. Akatswiri akadatsutsanabe za kukula kwenikweni kwa kuberaku, koma mbali ina ya nkhaniyi ndimaiona ndi maso anga. Loweruka la phiri sindichapa, sindisesa, ndipo kumsika komwe ndimapita wapansi ndimakwera kabaza.

Onjezani apa kuti chakudya chathu chilibe chikalata. Mzungu amawerenga papaketi. Nanga mtanda wa nsima? Magalamu 100 a ufa ali ndi makalori pafupifupi 360, koma chipande cha kwanu si chipande cha kwathu, ndipo nsima yolimba ya mgaiwa imadya ufa wambiri kuposa yofewa. Sipuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi 120, ndipo palibe amene amayeza ndi sipuni pokazinga matemba aku Chilwa. Masamba otendera timawaona ngati masamba chabe, pomwe magalamu 100 a mtedza amapitirira 550. Ku New York mu 1992 adayeza kagulu ka anthu omwe ankadandaula kuti akudya pang'ono koma osaonda. Zidapezeka kuti chakudya ankachichepetsa ndi 47 peresenti pochinena, ndipo mafizo ankawakulitsa ndi 51 peresenti. Sikuti ankanama dala ayi. Ndi mmene mutu wa munthu ulili, ndipo zolakwika ziwirizi zimakokera mbali imodzi.

Ine ndidadya makalori a wotchi onse kwa miyezi iwiri. Miyendo idalimba, tulo tidakoma, sikelo sidasunthe.

Osabweza ngakhale imodzi

Njira ya mayi uja ndi yosavuta, ndipo kusavutako ndiye mphamvu yake. Nambala ndi imodzimodzi tsiku lililonse, wotchi inene zomwe ikufuna. Mafizo amasanduka bonasi, ndipo amakwirira mipata yomwe chipande ndi botolo la mafuta zatsegula. Kwa munthu amene mafizo ake ndi kuyenda mphindi 30 kapena 40 ku Botanic Gardens, kudumpha chingwe pakhomo, kapena kunyamula zitsulo ku jimu katatu pa sabata, njira iyi ndiyo yabwino koposa, sindikukayika. Zitsulo zimaumba minofu koma makalori zimatentha ochepa kuposa mmene kutopa kwake kumanenera. Ngakhale mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zomwe bungwe la WHO limalimbikitsa, mukazigawa pa masiku asanu ndi awiri sizifuna mbale yapadera.

Koma njirayi imaluma mafizo akakula. Mwapereweza kale 500, phiri latenga 600, ndiye tsikulo mwaperewera kupitirira 1,000. Tsiku limodzi thupi limapirira. Muzichita katatu pa sabata, muona: chizungulire podzuka pampando, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa, tulo todukiza, ndipo minofu imayamba kutha pamodzi ndi mafuta. Ine zidandithera Lamulungu lina madzulo. Nditapirira Loweruka lonse, ndidapezeka ndamaliza theka la buledi ndi majarini nditaimirira kukhitchini, nyumba yonse itagona. Zomwe ndidakana masana ndidazidya kawiri usiku.

Kwa amayi pali chizindikiro chomwe si choseweretsa. Msambo ukayamba kudumpha kapena kusiyiratu chifukwa chodya pang'ono uku mukuchita mafizo amphamvu, thupi likukuuzani kuti mphamvu zaperewera, ndipo mafupa ndiwo amalipira. Madokotala a zamasewera vutoli amalitcha RED-S, dzina lomwe komiti ya Olympic idakhazikitsa mu 2014, ndipo limagwiranso abambo. Odwala shuga omwe amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, njira iyi asaiyambe okha. Shuga amatha kutsika mwadzidzidzi muli pakati pa mapaini, kutali ndi msewu. Kambiranani kaye ndi achipatala, ndipo m'thumba musamasowe switi. Oyembekezera ndi oyamwitsa, nkhani yonseyi si yanu panopa.

Tikamakwera timakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni. Nthawi zina ndimachita manyazi ndi wotchi yanga. Komabe amandikumbutsa mfundo yofunika: wopalasa kabaza, womanga, wolima dimba ku Likangala, ngati akufuna kuchepetsa mimba, ntchito yakeyo si mafizo oti aziwerengera padera. Ilowe m'nambala yake ya tsiku ndi tsiku kuyambira pachiyambi.

Kudya theka

Apa ndi pomwe ndili. Sindinganene kuti theka ndi nambala yochokera ku labotale. Ndi kugawa mlandu chabe. Chotsani kukokomeza kwa wotchi, chotsani zomwe mukanatentha mutangokhala, chotsani zomwe thupi libere, zotsala sizikhala kutali ndi theka. Wotchi ya achimwene ikati 900, ine ndimamva 450.

Ndimatsatira malamulo awiri. Loyamba, mafizo osakwana ola limodzi sindibweza kanthu. Theka limayamba pa ulendo wa phiri, kuthamanga mtunda wautali, kapena mpira wa mphindi 90 woseweradi, osati woimirira pagolo.

Lachiwiri ndi la zomwe ndimadya, ndipo apa ndi pomwe njira yoyamba imagonjera kwenikweni. Makalori 450 akhoza kukhala tchipisi tosadzaza mbale, kapena mabotolo atatu ndi theka a chozizira, poti lililonse la mamililita 300 lili ndi pafupifupi 130. Pakatha ola njala yabwerera. Makalori omwewo akhoza kukhala mazira awiri owiritsa, nthochi, mbatata yootcha, ndi masitiroberi omwe anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa kuphiri. Zimenezo zimandifikitsa madzulo. Mowa ndiye msampha woipitsitsa: galamu iliyonse ya mowa weniweni ili ndi makalori 7, pafupi ndi 9 a mafuta, ndipo botolo lachiwiri limabwera ndi kanyenya.

Choipa cha njirayi n'choti mumawerengerabe, ndipo munthu wokonda kudzinyengerera theka lake limakula sabata ndi sabata mpaka kufanana ndi zonse. Ngati mukudzidziwa kuti ndinu wotero, bwererani kwa mayi uja, kungoti pa tsiku la phiri onjezani chinthu chimodzi chodziwika, chomwechomwecho nthawi zonse, osatsegula foni.

Woweruza pa njira zitatuzi si wotchi, ndi sikelo, koma muipatse nthawi. Musakwere sikelo Lamulungu m'mawa mutakwera phiri dzulo lake. Minofu yopweteka imasunga madzi, ndipo galamu iliyonse ya shuga yemwe thupi lasunga m'minofu imagwira magalamu atatu a madzi. Mutha kupezeka mwaonjezera kilogalamu yathunthu popanda mafuta ngakhale pang'ono. Yezani m'mawa musanadye, katatu pa sabata, kwa masabata anayi. Ngati mukutsika pakati pa kota ndi theka la kilogalamu pa sabata, musasinthe kalikonse, kaya njira yanu ndi iti. Ngati simukutsika, chepetsani zobwezazo. Ngati mukutsika kupitirira kilogalamu sabata iliyonse uku mukufooka pa chikweza chomwe kale munkachidutsa mukucheza, idyani. Chingwe choyezera m'chiuno cha kwa telala chimathandizanso, makamaka kwa onyamula zitsulo omwe sikelo imawanamiza.

Loweruka lapitali achimwene aja adaitanitsabe tchipisi, koma mbale imodzi tidagawana awiri, chozizira adasiya. Akuti lamba wasuntha bowo limodzi, ngakhale akuumirirabe kuti wotchi yawo sinama. Mayi uja titafika pa damu la Mulunguzi adatulutsa mazira awiri ndi kamchere kokulunga m'pepala. Nditamuyang'ana adati, "Musandiyang'ane choncho, sindikubweza makalori ine. Ndi njala chabe."